Mlandu wanga authetsa ndili kuchipatala ndi mwana, ndiyambire pati?

Nachisale_Lifuwu
Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ine ndimachita geni ya mpunga kuno ku Lifuwu. Mu September 2023 ndinapatsa bambo wina wa golosale ku boma matumba 12 a mpunga wogayitsa kale pa ngongole. Tinagwirizana K900,000. Anangonditumizira K200,000 pafoni, yotsalayo mpaka lero ndi mawa, mawa. Nditatopa ndinakamusumira kukhoti la majisitireti. Masiku oyambirira amene ankajomba ndi iyeyo, ine ndinkapita, khoti n'kumangosuntha tsiku. Ndiye tsiku lomwe anatipatsa komalizali linakumana ndi matenda. Mwana wanga wamng'ono anagonekedwa ndi malungo usiku wake, kunacha ali pa diripi. Ndinatuma mlongo wanga kuti akanene, koma pofika iye anapeza mlandu aitana kale. Anamuuza kuti authetsa chifukwa wodandaula sanabwere. Ndalama ya loya ndilibe. Kodi basi ndalama yanga yapita? Kapena ndikasumenso kachiwiri? Amene munadutsamo ndiuzeni chonde.

KabazaWaKamuzuRoad
Pepani mayi. Mwanayo ali bwanji kaye?

Nachisale_Lifuwu
Watuluka achimwene, wayamba kudya. Zikomo pofunsa.

Chilimira77
Kasumeninso basi. Mlandu suwola.

Kalaliki_Wopuma
A Chilimira, mawu amenewo ndi a pabwalo la amfumu, kukhoti samayenda choncho. Mayi Nachisale, musathamangire kukatenga samani ina. Ine ndinagwira ukalaliki m'makhoti zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndinaona anthu ambiri akutaya mlandu wabwinobwino pamalo pamene mwaima inupa.

Zimene mlongo wanu anamva pakhonde musazidalire kwambiri. Pitani nokha ku ofesi yosunga mafayilo, mutenge samani yanu ija chifukwa nambala ya mlandu ili pamenepo. Mukapemphe kuti akuwerengereni zimene a majisitireti analemba m'fayilo tsiku limenelo, mupemphenso kope lake lodindidwa. Ndikutero chifukwa mlandu umatha m'njira zosiyana. Pali pomwe khoti lauchotsa chifukwa wodandaula sanaoneke tsiku lomwe anaitanidwa. Pali pomwe lauchotsa chifukwa wakhalitsa osayenda, mwini wake ali phee. Ndiye pali pomwe lamva mbali zonse, mboni zalankhula, n'kugamula kuti dandaulolo lilibe mutu. Njira ziwiri zoyambazo chitseko amangochikankha, sakhoma ndi loko. Mumabwerera kukhoti lomwelo, pa nambala yomweyo, n'kupempha kuti mlandu aubwezeretse. Yachitatuyo ndi ina, imafuna apilo ku High Court, ndipo ife a ku Salima ndi ku Nkhotakota High Court yathu ndi ya ku Lilongwe. Mmene mwafotokozeramu, wanu ukuoneka wa njira yoyamba. Koma kaoneni ndi maso anu.

Mayi_a_Tadala
Ndiye akapita akangonena pakamwa kuti mwana amadwala, basi?

Kalaliki_Wopuma
Pakamwa pokha ayi. Pempholo limalembedwa, ndipo limayenda ndi chikalata cholumbira chomwe mumafotokozamo zimene zinachitika. Chikalatacho mumasainira pamaso pa munthu wokhala ndi mphamvu yolumbiritsa, monga majisitireti kapena loya. Kumbuyo kwake mumamatako fotokope ya kabuku ka kuchipatala ka mwanayo, tsamba lomwe likuonetsa tsiku logonekedwa ndi lotuluka. Mumalipira kandalama kolembetsera, khoti n'kupereka tsiku lomvera pempholo, ndipo mnzanu wa golosaleyo amayenera kulandira mapepala omwewo kuti naye adzayankhe. Kumubisira sikuloledwa.

WophunziraMalamulo_LL
Ndiwonjezereko pa zimene anena madalawa. Ine ndine wophunzira, sindinakhale loya, koma izi ndi zolembedwa. Ku High Court kuli malamulo oyendetsera milandu yosumirana omwe anayamba kugwira ntchito mu 2017. M'gawo la malamulowa lotchedwa Order 16 muli nkhani imeneyi ndendende. Munthu amene sanabwere tsiku lozenga mlandu, khoti n'kugamula iye kulibe, akhoza kupempha kuti chigamulocho chichotsedwe, koma aonetse zinthu zitatu: kuti anachitapo kanthu msanga atangomva, kuti chifukwa chimene anajombera ndi chomveka, komanso kuti mlandu wakewo uli ndi mwayi wopambana ukazengedwa. Makhoti a majisitireti ali ndi malamulo awoawo, akale kuposa amenewa, koma mafunso omwe woweruza amakhala nawo m'mutu ndi omwewa.

Chachitatucho ndiye anthu amachiiwala. Amadzaza pepala lonse ndi matenda kapena maliro, za ngongoleyo osanenako. Woweruza amafuna aone kuti akaudzutsa mlanduwo pali chozenga. Mayi, uthenga wa K200,000 uja ukadali m'foni mwanu? Pali pomwe munalemberana? Amene anakweza matumba aja alipo?

Nachisale_Lifuwu
Uthenga ulipo, dzina lake likuonekanso. Ndili ndi kope lomwe ndimalembamo angongole, ndipo iye anasainamo tsiku lotenga mpungalo. Mnyamata amene anayendetsa galimoto ndi wakwathu konkuno.

WophunziraMalamulo_LL
Ndiye muli ndi mlandu wamphamvu. Zonsezo zilowe m'chikalatacho.

BamboWaBenga
Ndiloleni ndinene zomwe mwina sizikusangalatsani. Tonse pano tikumvera chisoni mayiwa, ndipo n'zoyenera, mwana akadwala palibe kuchitira mwina. Koma tisamalankhule ngati khoti likathetsa mlandu ndiye kuti lalakwira munthu. Ine ndinasumiridwapo pa nkhani ya ng'ombe zomwe amati zinadya chinangwa cha mwini. Ndinkadzuka m'bandakucha kuno ku Benga, kulipira matola, kukakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, wondisumirayo osaoneka. Waganyu amene ndinamusiya kumunda ndinkamulipira ine. Tsiku lomwe a majisitireti anati mlanduwu watha, ndinapuma. Wosumiridwa nayenso ndi munthu. Ena amasuma pofuna kungokuzunza, samani ikhale ikukulendewera pamutu chaka chonse.

Mayi_a_Tadala
Koma bambo, apa amene wakhala akujomba ndi wa golosaleyo. Iye akajomba tsiku limasunthidwa, mayiwa ajomba kamodzi mlandu watha. Chilungamo chake chili pati?

BamboWaBenga
Pamenepo sindikutsutsa, mayi. Ndikungoti lamulo lothetsa mlandu lili ndi ntchito yake.

Kalaliki_Wopuma
Nonse mukunena zoona. Mlandu ndi wa wodandaula, ndiye amene amayenera kuuyendetsa, n'chifukwa chake iye akasowa khoti limauchotsa msanga. Wosumiridwa akamajomba atalandira samani bwinobwino, wodandaula ali ndi ufulu woimirira n'kunena kuti bwana, ndikupempha kuti mlandu upitirire ngakhale mnzangayu kulibe. Anthu ambiri odziimira okha sadziwa zimenezi, amangomva tsiku latsopano n'kutuluka. Mayi Nachisale, masiku omwe inu munabwera iye osabwera analembedwa m'fayilo. Muwatchule m'chikalata chanu, amasonyeza kuti simunautaye mlandu wanu. Komanso pa zimene anena a ku Benga, konzekerani kuti khoti likhoza kuvomera pempho lanu koma n'kukuuzani kuti mumubwezere mnzanuyo ya thiransipoti ya tsiku lomwe anabwera pachabe. Zikatero musakwiye, landirani.

Chilimira77
Ine ndikuonabe kuti kusuma kwatsopano n'kosavuta kusiyana ndi zolumbira zonsezi.

WophunziraMalamulo_LL
Kunena zoona, a Chilimira sakulakwiratu. Mlandu umene sunazengedwe n'kugamulidwa, nthawi zambiri munthu saletsedwa kuuyambanso, bola nthawi isanathe. Ndipo apa ndi pomwe mwambi wanu uja sugwira. Lamulo lotchedwa Limitation Act limaika malire: nkhani ya ngongole kapena mgwirizano ndi zaka 6, kuvulazidwa pangozi ndi zaka 3, kulanditsa malo ndi zaka 12. Ngongole ya mayiwa ndi ya 2023, ndiye akadali ndi mpata mpaka cha mu 2029.

Kalaliki_Wopuma
Mwana wanga, pamapepala ukunena zoona, koma ndikuuze zomwe zimachitika m'chipinda chija. Munthu akasuma kachiwiri pakhoti lomwelo, wosumiridwa amabwera atanyamula pepala la mlandu woyamba n'kunena kuti bwana, nkhaniyi inatha kale. Basi tsiku lonse latha ndi kukangana ngati inatha kapena ayi, fayilo yakale aifunefune, tsiku lisunthidwe. Ulipiranso samani, umusakenso munthuyo kuti alandire. Ndipo a majisitireti akhoza kukufunsa kuti bwanji sunapemphe kubwezeretsa woyamba uja, kapena ukuzemba chiyani. Pomwe chifukwa chili choyera ngati cha mayiwa, njira yachidule ndi kudzutsa womwewo.

WophunziraMalamulo_LL
Ndamva madala. Pamenepo ndikugwirizana nanu.

MnyamataWaDwangwa
Zimatheka ndithu, mayi, limbani mtima. Ine wanga unathetsedwa nthawi ya madzi osefukira aja a February 2024 kuno ku Dwangwa. Tinali kumsasa, nyumba itagwa, msewu wa M5 utaduka, za khoti ndani akanazikumbuka? Unali mlandu wa injini ya boti yomwe munthu anabwereka n'kuigulitsa. Madzi ataphwa ndinapita ndi kalata ya amfumu yotsimikiza kuti ndinali mmodzi mwa okhudzidwa. Sanandivutitse, anaubwezeretsa. Mnzangayo anayesa kukana koma analibe ponena, poti aliyense ankadziwa zomwe zinachitika kuno.

Nachisale_Lifuwu
Injiniyo munaipeza?

MnyamataWaDwangwa
Injini ayi, inapita kutali. Akundibwezera ndalama pang'onopang'ono monga linagamulira khoti.

AnganaWaThavite
Chimene ndingakuuzeni ine n'chakuti musachedwe. Amalume anga anali ndi mlandu wa matabwa omwe kalipentala wina anatenga osalipira. Unathetsedwa iwo ali kumaliro a mlamu wawo. Wina anawanamiza kuti khalani, khoti lidzakuitanani lokha. Anakhala, dzinja linadutsa, anakolola, ndipo pamene ankapita kukafunsa miyezi inali itapita yambiri. Chifukwa chawo chinali choona, maliro analipodi, mudzi wonse ukudziwa. Koma funso linali limodzi: maliro anatha liti, nanga nthawi yonseyi munali kuti? Pempho lawo linakanidwa. Mayi, ngati n'kotheka mawa lomwe lino mukhale muli kukhoti.

Kalaliki_Wopuma
Ndi zimenezo. Fayilo ikatsekedwa palibe amene adzakuitaneni.

GeniYaUsipa_Senga
Ine chikundiwawa ndi china. K700,000 ya September 2023 si K700,000 ya lero. Mu November chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo kuchokera pamenepo zinthu zangokhala zikukwera. Mayiwa ngakhale apambane, ndalamayo sigulanso matumba omwe anapereka. Wa golosaleyo wakhala akuizunguza ndalama ya mwini nthawi yonseyi, phindu akudya yekha. Kwa wangongole kuchedwetsa mlandu ndi bizinesi masiku ano.

KabazaWaKamuzuRoad
Zoona. Tayala la njinga yamoto lomwe tinkagula nthawi imeneyo, lero mtengo wake ungalire.

Mayi_a_Tadala
Kwathu kubanki m'khonde munthu akachedwetsa amaonjezera chiwongoladzanja. Kukhoti sizingatheke?

Kalaliki_Wopuma
Khoti silikupatsa chomwe sunapemphe. Ngati pa samani yoyamba mayiwa sanalembe za chiwongoladzanja, mlandu ukabwerera akhoza kupempha chilolezo chokonza dandaulo lawo kuti aonjezere. Kuvomera kapena kukana zili kwa a majisitireti. Koma zimenezo zidikire, zisasakanikirane ndi pempho la panopa. Mlandu udzuke kaye.

GogoWaKhombedza
Ana inu, kale nkhani ngati iyi sinkafika kukhoti. Munthu ankaitanidwa kwa amfumu, ankhoswe ake ali pomwepo, manyazi okha ankamubwezetsa ngongole. Lero mukungotha ndalama m'misewu ndi mapepala a Chingerezi. Bwanji osapita kwa amfumu, mwana wanga?

Nachisale_Lifuwu
Agogo, ndinayambira komweko. Amfumu athu anamulembera kalata, iye anayankha kuti si munthu wawo, amakhala ku boma. Sanabwere.

AnganaWaThavite
Vuto lake ndi limenelo. Amfumu amagwira munthu amene ali ndi nkhope m'mudzimo. Wa m'tauni akakana, alibe masherifi oti akamulande katundu.

MphunzitsiWaChipoka
Komabe agogo asanyozedwe. Kuno ku Salima kuli amkhalapakati a m'midzi omwe bungwe la PASI, lothandiza anthu pa nkhani za malamulo, linaphunzitsa, ndipo nkhani zambiri za ngongole zimathera m'manja mwawo popanda kulipira. Ngakhale ku High Court, malamulo a 2017 aja amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadutsa pa kukambirana isanazengedwe. Ine ndingati mayiwa achite ziwiri zonse. Adzutse mlandu, ndipo wa golosaleyo akaona kuti zavuta n'kufuna kukambirana, avomere, koma zomwe agwirizanazo zikalembedwe kukhoti kuti zikhale chigamulo. Akadzaphonya mwezi umodzi pamakhala pogwira.

GogoWaKhombedza
Apo ndiye mwalankhula, aphunzitsi.

Ankolo_Ngodzi
Pepani ndilowetse yanga pomwepa poti ikufanana. Mu 2021 ndinachita ngozi pa minibasi pamsewu wa M5, mwendo unathyoka pawiri. Ndinapeza loya ku Lilongwe, mlandu unalowa ku High Court. Poyamba ankandiimbira, kenako zii. Ndikaimba amati zikuyenda. Mwezi watha mwana wanga anapita kukafunsa ku ofesi ya mafayilo, anamuuza kuti mlandu unachotsedwa kalekale chifukwa palibe chomwe chinkachitika. Palibe anandidziwitsa. Zimatheka bwanji?

WophunziraMalamulo_LL
Pepani kwambiri ankolo. Zimatheka. Order 12 ya malamulo omwe aja imalola High Court kuchotsa mlandu popanda kudziwitsa aliyense ngati papita miyezi 12 popanda sitepe iliyonse. Ndipo nkhani yanu ndi yolemera kuposa ya mayi Nachisale, chifukwa kuvulala malire ake ndi zaka 3. Ngozi ya 2021 ndiye kuti nthawi yosuma mwatsopano inadutsa mu 2024. Chomwe chatsala ndi kupempha kuti womwewo ubwezeretsedwe, ndipo khoti lidzafuna kumva chifukwa chomwe munakhalira chete nthawi yonseyo. Sungani mauthenga onse omwe munkatumizirana ndi loyayo, masiku omwe munkaimba, malisiti a ndalama ngati munamupatsapo. Amenewo ndiwo adzasonyeze kuti inu simunagone. Iyi musayende nokha, ku High Court mapepala ake ndi ovuta. Pitani sabata ino ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene alibe ndalama ya loya. Za khalidwe la loyayo mukhoza kukadandaula ku bungwe la maloya la Malawi Law Society, koma imeneyo ndi nkhani ina, isakuchedwetseni.

Ankolo_Ngodzi
Legal Aid si ya anthu omangidwa okha?

WophunziraMalamulo_LL
Ayi ankolo. Imathandizanso pa milandu yosumirana, ya malo, ya mabanja, ya chuma cha masiye. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndipo inayamba ntchito ngati bungwe loima palokha mu 2015. Amayang'ana kapezedwe kanu ndi mphamvu ya mlandu wanu. Mayi Nachisale nanunso mukhoza kukapempha kuti akuthandizeni kalembedwe ka chikalata chija, ngakhale kukhoti mukaime nokha.

MphunzitsiWaChipoka
Chimene chimandipweteka ine n'chakuti gawo 41 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wofika kukhoti kuti nkhani yake imveke. Koma mayi wogulitsa mpunga akafika, pepala lililonse lili m'Chingerezi, ndipo Chingerezi chake si cha kusukulu chino. M'chipinda muli womasulira, inde, koma pepala lomwe wapita nalo kunyumba amumasulira ndani? Ine ndawerengerapo makolo a ana anga asukulu masamani, ena atasunga pepala mwezi wathunthu m'chikwama osadziwa kuti tsiku lalembedwapolo ladutsa kale.

KabazaWaKamuzuRoad
Ndiye pamenepo ndi pomwe amadyera madobadoba. Ine ndimatula anthu pafupi ndi maofesi tsiku ndi tsiku, ndimawaona. Munthu wavala jekete, fayilo m'khwapa, akuti mayi bwerani ndikuthandizeni, bwana ndimadziwana nawo. Mayi Nachisale, wina akakuuzani kuti mupereke ya fanta kuti fayilo iyende, musapereke.

Kalaliki_Wopuma
Ndalama iliyonse ya khoti imalipiridwa kwa wolandira ndalama ndipo imatuluka ndi lisiti ya boma. Yopanda lisiti si ya khoti. Ndipo lisitiyo muisunge, tsiku lomwe ladindidwapo ndi umboni wakuti simunachedwe.

Nachisale_Lifuwu
Abale, ndabwerako. Ndinapita m'mawa monga munanenera. Akalaliki anandilandira bwino, anatulutsa fayilo n'kundiwerengera. Palembedwa kuti mlandu wachotsedwa chifukwa wodandaula sanabwere, ndipo pansi pake a majisitireti anaonjezera kuti ndili ndi ufulu wopempha kuti ubwezeretsedwe. Mtima wanga wakhala pansi. Ndayamba kulemba m'Chichewa zomwe ndikufuna zikalowe m'chikalata, mwana wa achemwali anga adzazitembenuza. Ndayamba chonchi: "Ine ndine mayi wosauka wovutika ndi ana. Bambo ameneyu ndi wakuba komanso wabodza, wandizunza zaka ziwiri ndipo Mulungu adzamulanga. Tsiku la mlandu mwana wanga anadwala kwambiri." Ndipitirize choncho?

AnganaWaThavite
Mayi, ululu wanu ukumveka, koma za wakubazo chotsani.

Kalaliki_Wopuma
Chotsani ndithu. Mawu amenewo akupatsani mdani pachabe, ndipo woweruza sawagwiritsa ntchito. Chikalata cholumbira chimafuna zinthu zomwe munaona ndi kuchita inuyo, chilichonse pa mzere wake, ndi masiku ake. Muyambe ndi dzina lanu, kumene mumakhala, ndi kuti ndinu wodandaula pa mlandu nambala yakutiyakuti. Kenako munene tsiku lomwe mlandu unayenera kumvedwa. Munene tsiku ndi nthawi yomwe mwana anagonekedwa, chipatala chake, ndi tsiku lomwe anatuluka. Munene kuti panalibe wina womudikirira. Munene kuti munatuma mlongo wanu, dzina lake, ndi nthawi yomwe anafika. Munene tsiku lomwe munamva kuti mlandu wachotsedwa ndi tsiku lomwe mwapita kukaona fayilo, lomwe ndi lero. Mukatero mubwere pa ngongoleyo: matumba 12, mtengo K900,000, yolipidwa K200,000, yotsala K700,000, ndipo mutchule kope lomwe anasainamo ndi uthenga wa pafoni. Pomaliza mupemphe kuti mlandu ubwezeretsedwe ndi kupatsidwa tsiku. Tsamba limodzi ndi theka lakwana. Musalembemo chilichonse chomwe simungachiikire kumbuyo akakufunsani, chifukwa kunama polumbira ndi mlandu pawokha.

Nachisale_Lifuwu
Ndamva bambo. Koma pali china ndaona nditatsegula kabuku ka kuchipatala. Mwanayu amatchulidwa dzina la bambo ake, ine pa samani ndinalemba la kwathu. Mainawo sakufanana. Komanso pa tsamba logonekedwalo inki ya chidindo inafufutika mbali imodzi, tsiku likuoneka koma mwezi sukuoneka bwino.

WophunziraMalamulo_LL
Mwachita bwino kuona zimenezo panopa, chifukwa wa golosaleyo akanadzagwira pomwepo n'kunena kuti mwabwereka kabuku ka mwana wa eni. Onjezerani mzere wonena kuti mwanayo ndi wanu wobereka ndipo amatchulidwa dzina la bambo ake. Ngati muli ndi chiphaso chake chobadwira, kapena tsamba loyamba la kabukuko pomwe pamalembedwa dzina la mayi, jambulitsaninso limenelo.

NamwinoWaKuNyanja
Za chidindozo musadandaule. Odwala onse ogonekedwa amalembedwa m'kaundula wa kuwodi, tsiku lolowa ndi lotuluka. Pitani ndi kabukuko kuwodi ya ana komwe munagona, mufotokoze kuti mukufuna kalata yaifupi yotsimikiza masikuwo, yosainidwa ndi kudindidwa. Mupite chakumasana ntchito ya m'mawa itaphwa, adzakuthandizani mosavuta. Mupemphe kuti alembemonso kuti wodikirira munali inu.

BamboWaBenga
Ndipo mlongo wanuyo adzapite nanu tsiku lomvera pempholo. Ine ndikanakhala wosumiridwa, funso langa loyamba likanakhala lakuti ngati munatumadi munthu, ali kuti?

Kalaliki_Wopuma
A ku Benga anena chanzeru. Akhozanso kulemba chikalata chake chachifupi cholumbira, chonena nthawi yomwe ananyamuka ku Lifuwu, nthawi yomwe anafika, ndi amene analankhula naye. Tsikulo mutengenso kope lenileni la angongole lija, foni ili yotchaja, ndi mnyamata wa galimoto uja ngati angathe. Nthawi zina a majisitireti akavomera pempho amafunsa pomwepo ngati mwakonzeka kuti mlandu uyambe.

Chilimira77
Chabwino, ndagonja. Koma mukapambana musadzamumvere chisoni, masherifi adzagwire ntchito yawo.

GogoWaKhombedza
Ayambe wabweza ndalama, za masherifi zidzaoneka.

Nachisale_Lifuwu
Kalata ya kuchipatala ndatenga, chikalata ndalumbira, ndalipira ndipo lisiti ndasunga. Andipatsa tsiku mwezi wamawa. Atsala ndi mapepala a bambo uja. Ndikamupatse ndekha kugolosale kwake?

KabazaWaKamuzuRoad
Ine ndikhoza kukamutulira ulere, ndimadutsa ku boma tsiku lililonse.

Kalaliki_Wopuma
Mtima wabwino achimwene, koma ayambe afunsa akalaliki kuti pakhoti pawopo mapepala otere amapereka ndani. Nthawi zambiri ndi bwino apite ndi mesenjala wa khoti, chifukwa iye amabweza umboni wolembedwa wakuti munthuyo walandira, tsiku lakuti, malo akuti, ngakhale atakana kusaina. Mukapita nokha mayi, mukakangana pakauntala, ndipo tsiku la khoti adzati sanaone pepala lililonse. Kukatsala sabata imodzi mukafunsenso ku ofesi ya mafayilo ngati umboni umenewo walowa m'fayilo. Ukakhala kuti sunalowe, pempho lanu silimvedwa tsikulo.